Khadi Yomwe Ndinamugulira Kasingano

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi mawondo aja akukulolani kuyenda tsopano, kapena mukungodzikakamiza monga mwa chizolowezi chanu? Nanga alamu, chifuwa chija chinawasiya? Ndinamva kuti mankhwala anawasiyira panjira atangoona kuti apezako bwino. Chonde muwauze amalize, matenda amenewo amabisala. Ine ndikaganiza za inu awiri m'nyumba muja, wina mawondo wina chifuwa, ndimadzifunsa kuti mmodzi akagwa adzamudzutsa ndani.

Kuno tili moyo. Sindinena kuti tili bwino chifukwa ndinganame. Thupi lilibe vuto lalikulu, kupatula maso amene ayamba kundivuta polowetsa ulusi pa singano, ndi mtima umene umathamanga wokha ngakhale ndili chikhalire. Denga likudonthabe pakona paja pamakhala matumba a zidutswa za nsalu. Eni nyumba akuti abwera ndi mmisiri, koma mawu amenewo anayamba kalekale kuwanena. Ntchito ikupezeka pang'onopang'ono, makamaka yopinda mathalauza ndi kusintha mazipi. Madiresi anthu masiku ano akungogula osokasoka.

Nkhani imene yandigwiritsa cholembera ndi ya mwana wanu Kasingano. Pa foni sindingathe kuifotokoza. Ndikayamba, mawu amandisokonekera, ndiye inu mumayamba kundikalipira kuti ndilankhule zomveka. Muwerenge mofatsa. Kalembedwe kanga mukukadziwa kale, sukulu sindinapite nayo patali.

Mukukumbukira kompyuta ija anagula malemu bambo ake pamene ofesi yomwe ankagwirako ntchito inkagulitsa katundu wakale? Chibokosi chakuda chija, chimene munachiseka kuti chikufanana ndi sutikesi ya munthu wothamangitsidwa ku ukwati. Chilipobe. Chimakhala pabalaza, pa tebulo loyang'ana kukhoma, ndipo makina anga osokera ali pawindo. Ndiye ine ndi Kasingano timagwira ntchito titafulatirana, osati chifukwa cha mkangano ayi, malo ndi amene anachepa. Ndikatambasulira dzanja kumbuyo ndimakhudza phewa lake. Akafuna tiyi amangogogoda mpando wanga ndi chidendene. Chimwalirire bambo ake moyo wathu wakhala umenewo, ndipo ine ndinalibe nawo dandaulo.

Ntchito yake ndi yojambula mkati mwa nyumba pa kompyutapo. Kalipentala wina wa makabati amamubweretsera miyeso, iye n'kujambula khitchini yonse, makabati, matailosi, mpaka kuwala kolowera pawindo, kuti mwini nyumba aone asanadulitse thabwa ndi limodzi lomwe. Mutaona chithunzicho mungalumbire kuti chajambulidwa ndi kamera. Koma kompyutayo inakalamba. Chithunzi chimodzi chinkayamba m'mawa, kufika masana chisanathe, chibokosi chikulira ngati chigayo. Nthawi zina chikatsala pang'ono kutha, sikirini inkangochita mizeremizere n'kuthima. Apo mwana ankagwira mutu, n'kutuluka panja.

Tsiku lina zitatero, ndinamumva akulankhula pa foni kuseri kwa nyumba ndi mnzake wa kusukulu. Sindinkamvetsera dala, ndinapita kukayanika nsalu. Anati m'nyumba muno sangapite patsogolo, kuli bwino apite kumene kuli makina enieni. Anatchulanso kampani ina ya kutali, kunja kwa dziko lino, yomwe ikufuna anthu ojambula. Nsalu ija ndinaiyanika osaifinya n'komwe.

Ndinayamba kuganiza zonse zimene mukudziwa kuti ine ndimaganiza. Akadwala kumeneko adzamufunditsa ndani? Mwana amene amaiwala kudya akakhala pa ntchito, mpaka ndichite kumuikira mbale pamwamba pa kiyibodi. Mwana wowonda chonchija, amene inu nomwe munamutcha Kasingano chifukwa ankadutsa pakati pa mipiringidzo ya pawindo. Kenako kunandibwerera maganizo ena, ndipo ndinawaona ngati anzeru. Ndinati vuto si nyumba, vuto si ine, vuto ndi chibokosichi. Chikamathamanga bwino, mwana achokeranji?

Iye sindinamuuze kanthu. Ndinapita kwa a Mawaya, bambo amene amakonza makompyuta ndi mawailesi m'kashopu ka kuseri kwa msika. Ndi iwo akhala akuikonza kompyutayi kuyambira bambo ake ali moyo, ndiye amaidziwa mkati ndi kunja. Ndinawafotokozera za mizeremizere ndi kulira kuja. Ndinawauzanso chifukwa chenicheni, poti ine pakamwa panga sipasunga kanthu ndikakhala ndi nkhawa. Ndinati bambo, ndikonzereni chinthuchi kuti mwana wanga asachoke.

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. Anati mayi telala, ine ndimakonza makina, za ana zinandikanika ngakhale kwanga komwe. Komabe anandifotokozera bwinobwino. Akuti mkati mwa chibokosimo muli chipangizo chimene ntchito yake ndi zithunzi basi. Iwo amachitcha girafikisi khadi, ine ndimangoti khadi ya zithunzi. Si khadi ngati ya kuchipatala ayi, ndi chitsulo chathyathyathya chokhala ndi fani yakeyake yochiziziritsa. Yathuyo akuti inatopa, ndiponso ngakhale pamene inali yatsopano sinapangidwire ntchito yolemera ngati ya Kasingano.

Ndinati ndiye tigule yamphamvu kuposa zonse. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati kompyuta yakale sisankhiridwa khadi ngati mmene musankhira chivwende pamsika. Poyamba khadiyo iyenera kukwana m'bokosimo, chifukwa zina n'zazitali. Komanso muli kabokosi kena kamene kamagawa moto wa magetsi, ndipo kathu n'kofooka, khadi yaikulu ikhoza kukawotcha. Anawonjezera kuti ubongo wa kompyutayo nawo ndi wakale, ndiye ngakhale mutaika khadi yothamanga chotani, izingoima n'kumadikira mnzakeyo, ngati munthu wa changu amene wayenda ulendo umodzi ndi wa bondo lotupa. Pamenepo ndinakukumbukirani, mundikhululukire. Kenako anatulutsa ina m'kabati, yaifupi, ya fani imodzi, n'kunena kuti yotiyenera ife ndi yotere.

Anandifunsanso kuti bwanji osabwera ndi mwini wakeyo, poti ndi iye akudziwa kulemera kwa ntchito yake. Ndinati ayi. Ndinkadziwa kuti ndikamuuza akana, anena kuti amayi musadzivutitse, ndipo mwina pomwepo n'kundiuza za ulendo wake maso ndi maso. Ine mawu amenewo sindinkafuna kuwamva. Ndinkafuna kuti adzangopeza zonse zakonzeka, nkhani ya ulendo ife yokha osaikamba.

Koma kakhadi kaja nditakayang'ana, mtima wanga sunakhutire. Kanali kochepa ngati sopo wochapira. Ndinaganiza kuti bambowa aona nsapato zanga, ndiye akundipatsa za anthu ovutika. Ndinaganizanso kuti kanthu kakang'ono chonchi kangamugwire bwanji mwana amene mtima wake uli kale panjira. Ndinathokoza, n'kunena kuti ndikaganize kaye. Ndikutuluka anati mayi, kulikonse kumene mungapite, muyambe mwayeza mkati mwa bokosilo, tepi muli nayo.

Ndinayezadi. Kasingano atapita ndi kalipentala kukaona nyumba ina, ndinamasula mbali ya chibokosi ndi nsonga ya sizasi, ndikuopa kugwidwa ndi magetsi ngakhale pulagi ndinali nditazula. Fumbi lake m'menemo, ndi ulusi wanga womwe! Ndinayeza kuyambira kumbuyo mpaka pa kashelefu kachitsulo kamene kali chakutsogolo, n'kudula kachingwe ka nsalu kofanana ndi muyesowo. Ndinatenga kangachepe komwe ndinasunga nthawi ya mayunifolomu. Za mtengo musandifunse, sindikuuzani.

M'tauni muli sitolo ina yaikulu ya magalasi okhaokha, yozizira mkati ngati firiji. Wogulitsa wake anandilandira bwino, sindingamunamizire. Anandifunsa kuti kompyutayo ndi yamtundu wanji, ndinati yakuda. Anafunsa zina zimene sindinazimve, manyazi anandigwira, ndiye ndinangoti ndionetseni yamphamvu. Anabweretsa ya mafani atatu, yolemera ngati simbi, akuti ikayaka imawala mitundumitundu. Ndinaika kachingwe kanga pamwamba pake. Khadiyo inapitirira ndi zala zitatu. Iyenso anaona, ndipo anandichenjeza kuti mayi, ngati muyeso wanuwu uli woona, iyi singalowe.

Apa ndi pamene mundiseke kapena mundilirire. Ine ndasoka zaka zonsezi. Chovala chikakula sindidandaula, timapinda, timabweza m'mbali, timasiya mpendero woti mwana akatalika tidzamasule. Choopsa ndi chovala chochepa, chimenecho ndiye palibe pochigwira. Yunifolomu iliyonse ya Kasingano ndinkaisoka yofika m'akakolo kuti akuliremo. Ndiye nditaona zala zitatu zija, mumtima ndinati n'zochepa izi, a Mawaya akabweza. Ndinamuuza wogulitsayo kuti akulunge. Anandifunsanso ngati ndatsimikiza, ine ndinati kulungani.

Kunyumba ndinaibisa pansi pa matumba a zidutswa aja. Nditakumbukira kuti pamenepo pamadontha, ndinaisamutsira pansi pa bedi. Nditaganiza za makoswe, ndinaiika m'kabati ya mbale, kuseri kwa mapoto. Kasingano anandifunsa kuti amayi, mukuzungulirazungulira bwanji ngati nkhuku yofuna poikira? Ndinati ndikufuna choko changa, chonsecho choko chili kukhutu.

M'mawa mwake mwana atangotuluka kupita kwa kalipentala, ndinakulunga chibokosi m'nsalu n'kuchisenza mpaka kwa a Mawaya, khadi ili kukhwapa. Njira yonse aliyense wondiyang'ana ndinkamuona ngati wakuba. Nditatula, ndinatsegula katoni monyadira. A Mawaya anaiyang'ana khadiyo uku ndi uku. Kenako anaitana wosoka nsapato wa pakhomo loyandikana nalo, akuti bwerani mudzaone kuno achimwene, mayi telala agulira njinga yakapalasa injini ya thirakitala.

Anayesa kuilowetsa kuti ndione ndi maso anga. Inagunda pa kashelefu kaja. Ndinati bwezani pang'ono kumapetoko. Anati ndibweze chiyani? Ndinati pindani, kapena dulani zala zitatuzo, mbali imeneyo sikuoneka ngati ili ndi ntchito. Wosoka nsapato uja anachita kukhala pansi nako kuseka. A Mawaya anati mayi, iyi si siketi, ilibe mpendero. Anandionetsanso mabowo awiri pamwamba pa khadiyo, ofuna zingwe za moto zimene kabokosi kathu kalibe n'komwe. Anati ngakhale atadula kashelefuko n'kulumikiza mokakamiza, tsiku lina tidzangomva fungo la chinthu chopserera, ndipo ntchito zonse za mwana zimene zili m'menemo zikhoza kupita nawo.

Pamenepo kuseka kunatha, chifukwa ine ndinali nditayamba kulira. Ndinalira pamaso pa amuna awiri, nditakhalira wailesi yakanema yakufa. Katoni ndinali nditaing'amba potsegula, ndipo kusitolo kuja anali atanena kuti yong'ambika salandiranso. Wosoka nsapato anazemba mwakachetechete. A Mawaya anakhuthula timisomali tomwe tinali m'kapu, n'kundithirira madzi m'kapu momwemo.

Ndili pomwepo, Kasingano anatulukira, thukuta lili kamukamu, lamba wa nsapato ina ataduka. Kalipentala anali atasintha tsiku, ndiye iye anabwerera kunyumba n'kupeza pa tebulo pali mbee, zingwe zokha zili lendelende. Anaganiza kuti akuba atithyolera. Anathamangira kwa eni nyumba, ndipo iwo ndi amene anamuuza kuti aona amake atasenza katundu ngati akusamuka. Anayamba ndi ukali. Anati amayi, mukufuna kundipha? Ntchito za anthu zili m'menemo! Kenako maso ake anagwera pa chikhadi chija. Anayang'ana icho, anayang'ana chibokosi, anayang'ana ine. Anati amayi, mwagula yokuliramo? Anaseka mpaka misozi, kenako kusekako kunasanduka kwina, ndipo anandikumbatira ndili pa wailesi pomwepo.

A Mawaya ndi amene anatipulumutsa. Amadziwana ndi bambo wina wojambula mavidiyo a maukwati, amene ali ndi kompyuta yaikulu yatsopano ndipo ankafunafuna khadi yotereyo. Anamuimbira, anabwera, tinasinthana. Iye anatenga chikhadi changa, ife n'kutipatsa imene ankagwiritsa ntchito, ya mafani awiri, yaifupi bwino, n'kuwonjezerapo kabokosi ka moto katsopano kokhala ndi chingwe choyenera. Ine nkhawa inali poti ndi yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndinafunsa kuti ngati ili yabwino akuitayiranji, ngati inapsapo tidziwa bwanji, ikafa mawa tikamupeza kuti. A Mawaya anati mayi, mafunso anuwa angatopetse ngakhale wapolisi. Koma anaiika, anaiyatsa, n'kuipatsa ntchito yolemera nthawi yaitali ife tikuonerera. Anandiuza kuti ndiike khutu pa bokosi. Mafani ankazungulira mosalala, opanda kugogoda kulikonse. Kasingano naye anafunsa mafunso ake a kusukulu, anagwedeza mutu, n'kunena kuti imeneyi ndiye saizi yake.

Kunyumba zinatsala pang'ono kundiphanso. Ndinati ndithandize kulumikiza, ndipo chingwe cha sikirini ndinachilowetsa pa bowo loyamba limene chinakwana. Titayatsa, mafani akuzungulira koma sikirini ili bii. Ndinati basi, ndaipha. Kasingano anasuzumira kumbuyo, anazula chingwecho n'kuchilowetsa m'munsi, pa khadi yatsopanoyo. Kuwala kunabwera. Anaika chithunzi cha khitchini ina chimene chinkamutengera m'mawa wonse, ine n'kupita kukatereka madzi a tiyi. Asanawire, anandiitana kuti amayi bwerani, chatha.

Masabata otsatirawo ndinali munthu wina. Ndinkapalasa makina ndikuyimba. Kumbuyo kwanga kunalibenso chigayo, kunali kamphepo chabe ndi kugogoda kwa zala zake. Ankadzuka m'mamawa, ankadya osakakamizidwa, ankandionetsa zipinda zokongola zimene ine ndinkaganiza kuti ndi za kalipentala uja. Zina zinali zazikulu ngati za mahotela, koma sindinafunse. Ndinasoka kansalu kophimbira chibokosi kuti ulusi usalowenso, n'kusiya mpata pa mafani monga anandiuzira a Mawaya. Ndinkati ndapambana. Ndinatsala pang'ono kukulemberani nthawi imeneyo, kuti mudziwe kuti mng'ono wanu naye nzeru ali nazo.

Masana ena ndikudula kolala, ndinamva mpando wake ukugwa. Anali ataimirira, manja ali pakamwa. Anati amayi, andilemba ntchito. Ndinafunsa kuti ndani. Apo ndi pamene ndinamva zonse. Kampani ya kutali ija inali itamupempha kuti atumize zithunzi za zipinda zikuluzikulu kuti aone luso lake. Khadi yakale ija inkathima nazo pakati nthawi zonse, mpaka iye anagonja mumtima mwake osauza munthu. Anali atavomereza kuti sapita. Zipinda za mahotela zimene ndinkaziyamikira zija zinali zimenezo. Achemwali, chibokosi chija ndikanachisiya chokalamba momwemo, mwana akanakhala.

Anagwada pafupi ndi makina anga n'kuika mutu pamiyendo panga. Anati ankaopa kundiuza chifukwa ankadziwa kuti ndikana, koma tsiku lomwe anandipeza kwa a Mawaya anazindikira kuti ndinadziwa kale, ndipo ndamudalitsa mwanjira yangayanga. Anati palibe mayi wina ngati ine. Sizasi inali m'manja, ndinaiika pambali bwinobwino kuopa kumulasa, n'kumamusisita tsitsi. Kolala ija ndinaimaliza mokhota, ndinachita kukagula nsalu ina.

Ndinkati nkhani imeneyi ndifa nayo. Koma mawa lake anapita kukathokoza a Mawaya, ndipo bambo aja, posadziwa, anati ndiye amako alira bwanji, poti anabwera kuno kudzandipempha kuti ndikonze makina iwe usachoke. Kenako a Mawayawo anabwera okha kudzapepesa, chipewa chili m'manja, akuti pakamwa pawo pakufunika kumangitsa ndi sikuludiraiva. Sindinawakwiyire. Ananena zoona.

Kasingano tsiku limenelo sanayatse kompyuta. Anatembenuza mpando wake kuyang'ana kwa ine, chinthu chimene sachita. Sanakalipe. Anati amayi, bwanji simunanene? Ndinati ndinene chiyani, nanga iwe unanena? Kenako anati tsopano makina akuthamanga, ntchito za kalipentala zikhoza kuchuluka, mwinanso apeza akalipentala ena. Anati ndi njala sitingagone. Anati amayi, mukangonena kuti ndisapite, ndiwalembera lero lomwe kuti sindibwera, ndipo sindidzakudandaulirani.

Chimene ndinasenzera chibokosi pamutu chinali chimenecho, ndipo anandiikira m'manja. Sankanama ayi, akanakhaladi. Mwana wanuyu akalonjeza sabwerera. Ndinamuyang'ana. Pokamba za akalipentala enawo ankamwetulira, koma chala chake chinkakanda m'mphepete mwa tebulo, ndipo maso ake sankafika pa ine, ankathera pa makina anga. Ndinaona zaka zikubwerazo, iye ali kumbuyo kwanga akujambula makabati a anthu, ali chete, akundibweretsera madzi, osandidandaulira ngakhale kamodzi. Kusadandaulako ndi kumene kunandiopsa.

Ndinati pita. Mawu anatuluka ngati a munthu wina. Anafunsa kuti mukunena zoona? Ndinati pita, koma jekete ndikusokera ndine, za m'sitolo sizitentha. Anati kumeneko akuti sikuzizira kwenikweni. Ndinati iwe ukudziwa chiyani, unapitako? Tinaseka pang'ono. Kenako aliyense anabwezera mpando wake kumene umayang'ana, ndipo ine ndinapalasa makina mwamphamvu kuti asandimve.

Akunyamuka kumapeto kwa mwezi wamawa. Mapepala ake akuyenda. Kompyuta akuisiya, akuti kumeneko ziliko zoposa iyi. Wayamba kundiphunzitsa podina kuti tizidzaonana nkhope akandiimbira, koma ine ndimaiwala, kamuvi ka pa sikirini kamathawira pakona. Amaseka kuti ndidzakhala telala yekhayo wokhala ndi khadi yamphamvu chonchi yongoyankhira moni. Wajambulanso balaza lathu lomweli n'kuliika pa sikirini kuti ndizidzaliona ndikayatsa. Zonse zilimo, makina anga, tebulo lake, ngakhale tiulusi ta pansi. Denga lokha walijambula losadontha. Koma iye sajambula anthu, amajambula zipinda basi, ndiye mipando yonse iwiri ilibe munthu. Ndinamuuza kuti chakongola.

Chakudya sichikulowa. Ndikamuona akupinda zovala, ndimatuluka kukayang'ana denga ngati ndikudziwa kakonzedwe kake. Ndafunsa kale za chipatala cha kumeneko, za anthu amene adzakhale nawo nyumba, za madzi akumwa, za agalu a m'njira. Akuti mafunso anga awapezera sutikesi yakeyake.

Tsopano pempho langa. Ndikudzidziwa ndekha. Pakamwa pananena kuti pita, koma thupi langa silinavomere. Mtima wayamba kale kuthamanga kuposa masiku onse. Dzulo ndinachita chizungulire iye akuona, anasiya zonse n'kundikhazika pansi, ndipo ndinaona m'maso mwake kuti wayambanso kuganiza zokhala. Sindinachite dala, koma Achemwali, ndikuuzeni zoona, mbali ina ya mtima wanga inakondwa. Chimenecho ndi chimene ndikuchiopa. Tsiku likamayandikira ndidzadwala, ndidzagona, ndipo iye adzamasula sutikesi. Sindidzafunika kunena ndi liwu limodzi lomwe.

Ndiye chonde bwerani sabata yomaliza isanafike, mudzakhale nane mpaka atapita. Ndikudziwa za mawondo, ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali. Mukapemphe mpando wa kutsogolo, ine ndidzakuchingamirani. Alamu angatsale ndi mpongozi wanu masiku ochepawo. Inu nokha ndi amene mumatha kundiyang'ana n'kunena kuti dzuka apa iwe, wayamba zako zija. Ndikadwala, mudzamuuze mwanayo kuti amako ndili nawo ine, iwe nyamula chikwama. Akakayika mudzamukalipire ngati mayi ake aakulu, inu amakumverani. Ndipo pokwerera basi paja mudzaime pafupi nane, mundigwire manja onse awiri, chifukwa limodzi likatsala ndikudziwa chimene lidzagwire.

Mupereke moni kwa alamu, kwa mwana wanu wamkulu ndi mkazi wake, ndi adzukulu onse. Azakhali muwauze kuti ndikuwakumbuka, koma za ulendowu musawauze kaye, angayambe kulira mwezi usanakwane, wolira ndakwana ndekha. Kasingano akuti moni. Zimene ndalemba muno sakuzidziwa, ndipo asazidziwe. Mundiyankhe msanga.

Ine mng'ono wanu,
Amake Kasingano